startx ikuyamba bwino ndikakhala root, koma ikukana ndikakhala wogwiritsa ntchito wamba

Mphatso

Moni nonse. Ndaika Debian 12, umene ndi mtundu wa Linux, pa kompyuta yakale, ndipo pofuna kuti isalemedwe sindinasankhe desktop iliyonse pa nthawi yoika. Nditamaliza ndinaonjezera xorg (seva ya X, imene imajambula zinthu pa sikirini) ndi xfce4 (desktop ya Xfce) kudzera mu apt, koma LightDM, pulogalamu yoonetsa sikirini yolowera, ndinaichotsa chifukwa ndikufuna kuti kompyuta izifikira pa terminal, kenako ndizilemba startx ndekha ndikafuna desktop. Ndikalemba startx ndili root, akaunti yokhala ndi mphamvu zonse, Xfce ikutseguka popanda vuto lililonse. Ndikalemba lamulo lomwelo ndi dzina langa la masiku onse, sikirini ikuphethira kamodzi n'kubwerera ku terminal ndi uthenga uwu:

(EE) xf86OpenConsole: Cannot open virtual console 1 (Permission denied)

Ndawerenga /var/log/Xorg.0.log kuyambira pamwamba mpaka pansi, koma mulibe mzere ngakhale umodzi wosonyeza kuti china chake chalephera. Dzina langa lili kale m'gulu la video. Ndikupempha amene akudziwa bwino nkhaniyi andiunikire kuti chilolezo chimene chikusowacho n'chiti.

Yamikani

Achimwene, zimenezi zimatha msanga. Tsegulani /etc/X11/Xwrapper.config ndipo mulembe mizere iwiri, wina allowed_users=anybody ndi wina needs_root_rights=yes. Zikakanabe, lembani chmod u+s /usr/lib/xorg/Xorg muli root, kapena chmod 666 /dev/tty1, ndipo startx iyamba nthawi yomweyo. Ineyo ndimachita choncho ndipo sindinaonepo vuto.

aNabanda

A Mphatso, musachite kaye zimene anena a Yamikani, ngakhale kuti n'zoona ndithu kuti zingachititse desktop yanu kutseguka. Njira zitatu zonsezo zikufanana pa chinthu chimodzi: zikukulitsa mphamvu za seva ya X kapena kutsegulira aliyense chipangizo, m'malo mofufuza chifukwa chimene inuyo, amene mwakhala patsogolo pa kompyutayo, simunapatsidwe chilolezo chimene mumayenera kupatsidwa popanda kupempha. Kuika setuid pa Xorg yeniyeniyo, kutanthauza chmod u+s ija imene imachititsa kuti iziyenda ndi mphamvu za root aliyense akaiyambitsa, si nkhani yochepa. Mu 2018 panapezeka vuto lotchedwa CVE-2018-14665, limene linkalola munthu wamba aliyense kugwiritsa ntchito -logfile kapena -modulepath pa Xorg yokhala ndi setuid n'kulemba pamwamba pa mafayilo a root kapena kuyendetsa zinthu zake ndi mphamvu za root, ndipo linakonzedwa mu 1.20.3. Vuto limenelo linatha, koma seva ya X ndi pulogalamu yaikulu kwambiri moti sitinganene kuti linali lomaliza. Za chmod 666 pa terminal ndiye n'zosathandiza n'komwe kwa nthawi yaitali, chifukwa zilolezo za m'foda ya /dev zimakonzedwanso mwatsopano kompyuta ikayatsidwa komanso munthu akalowa, ndipo pa nthawi imene zikugwira ntchitoyo aliyense wokhala ndi akaunti pa makinawo angathe kuwerenga zimene mukulemba pa terminal imeneyo.

Ndikupemphani mutiuze zinthu zitatu. Choyamba, lembani tty, kenako ls -l pa chipangizo chimene yakuuzanicho. Chachiwiri, lembani loginctl popanda china chilichonse ndipo mutikopere zimene yaonetsa. Chachitatu, ndipo ichi ndiye chofunika kwambiri, fotokozani mwatsatanetsatane zimene mumachita kuyambira pamene kompyuta yafika pofunsa dzina mpaka pamene mukulemba startx.

Kondwani

Ndionjezerepo pa nkhani ya log. Fayilo imene mwawerengayo, a Mphatso, si ya ulendo umene unalepherawo. Seva ya X ikayenda ndi mphamvu za root imalemba mu /var/log/Xorg.0.log, koma ikayenda ndi dzina la munthu wamba ilibe chilolezo cholemba mmenemo, choncho imalemba mu ~/.local/share/xorg/Xorg.0.log. Zimene mwawerengazo ndi mbiri ya nthawi imene munayambitsa X muli root ndipo zonse zinayenda bwino, n'chifukwa chake simunapezemo cholakwika. Yang'anani nthawi imene fayilo iliyonse inalembedwa komaliza, muona kusiyana kwake. Mukatsegula fayilo yoyenerayo, musangofunafuna mizere ya EE, yosonyeza zolakwika, yokha ayi. Funaninso mizere yonse yotchula systemd-logind, pulogalamu imene imasunga kaundula wa amene alowa pa makina, chifukwa kawirikawiri chiyambi cha vuto chimakhala pamenepo, ndipo mzere womaliza umene mukuona pa sikirini umakhala zotsatira chabe.

Mphatso

Zikomo nonse. Lamulo la tty likuti /dev/tty1, ndipo ls -l ikuonetsa kuti mwini wake ndi root, gulu lake ndi tty, zilolezo zake ndi crw-------. Pa loginctl pali session imodzi yokha, ya root, pa seat0 (sikirini ndi kiyibodi za kompyutayi) ndi tty1. Dzina langa silikuoneka paliponse. Kalowedwe kanga ndi kotere: kompyuta ikafunsa dzina ndimalowa ngati root, chifukwa ndakhala ndikuika mapulogalamu, kenako ndimalemba su - mphatso, n'kulemba startx. Mu fayilo imene a Kondwani anena ndapezamo mzere uwu pamwamba pa uthenga woyamba uja:

(EE) systemd-logind: TakeControl failed: Only owner of session may take control

aNabanda

Basi, vuto lanu laonekera lonse m'zimene mwalembazi, ndipo silili mu Xorg kapena mu Xfce. Lamulo la su limasintha dzina limene shell yanu ikuyendera, koma silisintha mwini wa terminal ndipo silisintha mwini wa session.

Ndifotokoze pang'ono mmene zimayendera, chifukwa mukamvetsa zimenezi mauthenga ambiri a mtundu umenewu adzakhala osavuta kuwamasulira. Kwa zaka zambiri seva ya X inkayenda ndi mphamvu za root pa makina onse, chifukwa inkalankhula yokha ndi khadi ya zithunzi, inkasintha yokha kakonzedwe ka sikirini, ndiponso inkatsegula yokha kiyibodi ndi mausi. Ntchito yokonza sikirini itasamukira mu kernel, imene timaitcha KMS, chifukwa chachikulu chofunira root chinachoka. Chinatsala chinali funso la amene angatsegule zipangizo za mu /dev/dri ndi /dev/input. Yankho lake linabwera mu Xorg 1.16 ya mu 2014, imene inaphunzira kupempha zipangizozi kwa systemd-logind, ndipo Debian inayamba kuyendetsa X popanda root kuyambira pa Debian 9 ya mu 2017.

Tsono mukalowa pa tty1 ndi dzina lanu ndi mawu anu achinsinsi, pamachitika zinthu ziwiri zimene simuziona. Pulogalamu ya login imasintha mwini wa /dev/tty1 kuti mukhale inuyo, ndipo pam_systemd, kagawo kamene login imakayendetsa munthu akalowa, imauza logind kuti yatsegula session ya munthu wakutiwakuti pa seat0. Mukalemba startx, seva ya X imapita kwa logind kudzera pa D-Bus, njira imene mapulogalamu amatumizirana mauthenga, n'kupempha kuti ilamulire session imeneyo. Logind ikavomera, ndi iyo imene imatsegula khadi ya zithunzi, kiyibodi ndi mausi, n'kupereka zipangizozo zili zotsegula kale kwa seva. Seva yokhayo sifunika chilolezo chotsegulira mafayilo amenewo. Mukasamukira ku terminal ina, logind imaimitsa zipangizozo, ndipo mukabwerera imazibwezera.

Pa makina anu, amene analowa pa tty1 ndi root. Terminal ndi ya root, session ndi ya root, ndipo su inangoyambitsa shell ina m'kati mwa session yomweyo. Seva ya X yoyenda ndi dzina la mphatso itapempha ulamuliro, logind inakana chifukwa wopemphayo si mwini, ndipo itayesa kutsegula /dev/tty1 yokha inapeza kuti ndi root yekha amene angawerenge ndi kulembamo. Mauthenga anu awiri aja akunena zimenezi motsatizana. Zili ngati munthu amene wabwereka yunifolomu ya mnzake pamene dzina lolembedwa m'kaundula wa pakhomo lidakali la mwini wake.

Lembani exit kawiri mpaka kompyuta ifunsenso dzina, lowani ngati mphatso mwachindunji, onetsetsani kuti loginctl ikuonetsa dzina lanu pa seat0, ndipo mulembe startx. Ngati mukufuna kuti root akhalebe chilowere, musiyeni pa tty1, dinani Alt ndi F2, n'kulowa ndi dzina lanu pa tty2.

Yamikani

Ndamva, mayi, koma ndifunse. Ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani fayilo ya Xwrapper.config ilipo? Amene anaipanga sanaipange kuti tiziigwiritsa ntchito?

Kondwani

Ilipo ndithu ndipo ili ndi ntchito yake. Pa Debian imabwera ndi phukusi la xserver-xorg-legacy, limene lili ndi kapulogalamu kakang'ono kotchedwa Xorg.wrap. Kapulogalamu kameneka ndi kamene kali ndi setuid, osati seva yonse, ndipo kamagamula zinthu ziwiri seva isanayambe. Choyamba ndi amene akuloledwa kuyambitsa X: allowed_users ingakhale rootonly, console kapena anybody, ndipo mukapanda kusintha imakhala console. Chachiwiri n'chakuti seva isunge mphamvu za root kapena izitaye: needs_root_rights ingakhale yes, no kapena auto, ndipo pa auto kapulogalamuka kamayang'ana ngati makhadi a zithunzi ali ndi KMS, ndipo ngati ali nayo kamataya mphamvuzo.

Uthenga umene umachokera kwa iko ndi wosiyana ndi wa a Mphatso. Umati "Only console users are allowed to run the X server", ndipo mumauona mukalemba startx kudzera pa SSH, mutalowa kuchokera pa makina ena, kapena muli m'kati mwa tmux kapena screen, mapulogalamu otsegula ma terminal ena m'kati mwa terminal imodzi, chifukwa pamenepo terminal yanu si /dev/tty1 koma ndi ya mu /dev/pts. Anthu ambiri akaona uthengawu amathamangira kulemba anybody, kenako amakumana ndi wina wakuti parse_vt_settings: Cannot open /dev/tty0, chifukwa startx sinadziwe nambala ya terminal yoti ipereke kwa seva, ndipo seva ikuyesa kufuna terminal yopanda munthu, ntchito imene munthu wamba saloledwa. Akaona zimenezo amaonjezera needs_root_rights=yes, ndipo mapeto ake aliyense wolowa pa SSH angathe kuyambitsa seva ya root imene ikulanda sikirini ndi kiyibodi ya munthu amene wakhala pa kompyutayo. Chonsecho chimene chinkafunika chinali kutuluka mu tmux basi.

Mphatso

Ndalowa mwachindunji monga mwanenera, ndipo loginctl tsopano ikuonetsa dzina langa pa seat0. Uthenga wa virtual console wachoka. Koma desktop sinatsegukebe. Sikirini ikuda kwa kanthawi, kenako ikubwerera ndi mizere iyi:

xauth: /home/mphatso/.Xauthority not writable, changes will be ignored
Authorization required, but no authorization protocol specified
xinit: unable to connect to X server

Mu log yatsopano mulibe EE yokhudza logind, ndipo ikuonetsa kuti khadi ya zithunzi yapezeka bwinobwino.

aNabanda

Limeneli ndi vuto lachiwiri limene linabisala kumbuyo kwa loyamba, ndipo seva yayamba bwino ulendo uno. Amene akukanidwa tsopano ndi mapulogalamu anu, ndipo akukanidwa ndi seva yanu yomwe. Nthawi iliyonse startx imapanga nambala yachinsinsi, n'kuipereka kwa seva, n'kuilembanso mu ~/.Xauthority kuti pulogalamu iliyonse yofuna kujambula pa sikirini iwerenge mmenemo n'kuionetsa kwa seva. Ngati xauth yalephera kulemba m'fayiloyo, seva imakhala ndi nambala imene wina aliyense alibe. Lembani ls -l ~/.Xauthority, ndikukhulupirira kuti mupeza kuti mwini wake ndi root. Kodi munayendetsapo startx kudzera mu sudo muli ndi dzina lanu?

Mphatso

Mwini wake ndi root ndithu, ndipo zilolezo zake ndi -rw-------. Startx itakana poyamba paja ndinayesa sudo -E startx, ndipo desktop inatseguka.

aNabanda

Gwero lake ndi -E imeneyo. Imauza sudo kuti isunge kakonzedwe ka shell yanu, kuphatikizapo HOME, choncho Xfce yonse inayenda ndi mphamvu za root koma ikulemba mafayilo ake m'foda yanu. Chilichonse chimene inapanga pa ulendo umenewo n'cha root. Fayilo ya .Xauthority mungathe kungoifufuta ndi rm, ndipo simukufunika sudo pochita zimenezo, ngakhale kuti rm idzakufunsani ngati mukutsimikiza. Chifukwa chake n'chakuti chilolezo chofufuta fayilo chimachokera ku foda imene fayiloyo ili, osati ku fayiloyo, ndipo foda ya /home/mphatso ndi yanu. Startx idzapanga ina yatsopano.

Koma musalekere pomwepo, chifukwa fayilo imeneyo siili yokha. Lembani lamulo ili:

find /home/mphatso ! -user mphatso -ls

Lidzakuonetsani chilichonse cha m'foda yanu chimene si chanu. Ndikuyembekeza kuti muona .ICEauthority ngati ilipo, mafoda a mu .config/xfce4, zina za mu .cache, mwinanso za mu .local/share. Zimenezi zikatsala, desktop idzatseguka koma idzakhala ndi timavuto tosautsa timene n'tovuta kutilumikiza ndi chiyambi chake: panel yosasunga zimene mwasintha, chithunzi cha kumbuyo chobwerera ku chakale mukalowanso, kapena pulogalamu yodandaula kuti yalephera kusunga makonda ake. Mukaona mndandandawo ndipo mwakhutira kuti mulibe chimene chinaikidwa dala kuti chikhale cha root, bwezerani umwini ndi sudo chown -R mphatso:mphatso /home/mphatso. Werengani lamulolo kawiri musanadine Enter, chifukwa mpata umodzi wolowerera pakati pa / ndi home ungasinthe umwini wa makina onse.

Kondwani

Ngati mutakonza zimenezo n'kupezabe vuto, yang'anani zinthu ziwiri zazifupi. Foda ya /tmp iyenera kukhala drwxrwxrwt, kapena kuti 1777, chimodzimodzinso /tmp/.X11-unix, imene mwini wake ayenera kukhala root. Zimenezi zimasokonekera munthu akakopera makina kuchoka pa disiki ina kapena akamasula tar mu /tmp ali root. Chinanso lembani df -h, chifukwa disiki ikadzaza root amapitirizabe kulemba pa malo amene ext4 imamusungira, pamene munthu wamba sangathe, ndipo zotsatira zake zimaoneka ndendende ngati vuto la zilolezo.

Mphatso

Find inaonetsa mafayilo ambiri a root mu .config ndi mu .cache monga munanenera. Nditabwezera umwini n'kufufuta .Xauthority, startx yatsegula Xfce ndi dzina langa, ndipo ps ikuonetsa kuti Xorg ikuyenda ngati mphatso. Fayilo ya Xwrapper.config sindinaikhudze n'komwe.

Tiyamike

Pepani polowerera, koma vuto langa likufanana ndi limeneli ndipo ndaona kuti ndi bwino ndifunsire pompano. Inenso ndili pa Debian 12, ndi Openbox, pulogalamu yopepuka yoyang'anira mawindo. Ndimalowa mwachindunji pa tty1 ndi dzina langa, sindinagwiritsepo su kapena sudo poyambitsa X. Startx ikutsegula desktop, ndikuona kachizindikiro ka mausi pakati pa sikirini, koma mausiyo siyenda ndipo kiyibodi siyankha, moti ngakhale Ctrl, Alt ndi F2 sizigwira. Ndikumazimitsa kompyuta ndi batani. Mu log muli mizere yambiri yakuti xf86OpenSerial: Cannot open device /dev/input/event, iliyonse ndi nambala yake, kenako Permission denied. Mapulogalamu onse ndinawaika ndi --no-install-recommends kuti makina akhale opepuka.

Yamikani

Apa ndiye yankho lake ndi lodziwika, achemwali. Mafayilo a mu /dev/input ndi a gulu la input, choncho lembani sudo usermod -aG input ndi dzina lanu, tulukani n'kulowanso, kiyibodi igwira.

aNabanda

Igwira, koma tiyeni tione kaye chimene chasowa. A Tiyamike, musanalembe startx lembani loginctl ndiponso echo $XDG_SESSION_ID. Ndikukayikira kuti mulibe session ina iliyonse, chifukwa phukusi la libpam-systemd, limene lili ndi pam_systemd ija, silinaikidwe. Popanda phukusi limeneli, login imakupatsani terminal koma palibe amene amauza logind kuti mwalowa. Sikirini yanu ikuyaka chifukwa chakuti akaunti yoyamba imene Debian imapanga pa nthawi yoika imakhala kale m'gulu la video, choncho seva ikutha kutsegula /dev/dri/card0 yokha. M'gulu la input simulimo, n'chifukwa chake kiyibodi ndi mausi zakanika. Ikani libpam-systemd, onetsetsani kuti dbus ilipo ndipo ikuyenda, yatsaninso kompyuta, ndipo muone ngati foda ya /run/user/1000, kapena ya nambala ya akaunti yanu, yapangidwa.

Pa nthawi yoyesererayi musamazimitse ndi batani. Seva ya X imazimitsa kiyibodi ya terminal ikamayamba, poyembekeza kuti iziwerenga yokha kuchokera ku /dev/input, ndipo ikalephera kutero mumatsala opanda njira zonse ziwiri. Dinani Alt, SysRq ndi R pamodzi kuti kernel itengenso kiyibodiyo, kenako Alt ndi F2. Kapena lowani pa SSH kuchokera pa makina ena n'kulemba pkill Xorg.

Chifukwa chimene ndikukanira gulu la input ndi ichi. Munthu wa m'gulu limenelo amatha kuwerenga batani lililonse limene ladinidwa pa kompyutayo, nthawi ina iliyonse, kaya session yake ndi imene ili pa sikirini kapena ayi. Ndipo si munthu yekhayo koma pulogalamu iliyonse yoyenda ndi dzina lake, kuphatikizapo imene wayambitsa pa SSH. Mawu achinsinsi a root olembedwa pa tty2, kapena a munthu wina amene walowa pambuyo panu, onse amadutsa mmenemo.

a Gondwe

Ndakhala ndikuwerenga ndipo ndikugwirizana ndi aNabanda pa matenda onse awiri, koma pa gulu la input ndikuona kuti akukokomeza pang'ono. Mu X11 pulogalamu iliyonse yolumikizidwa ku seva imatha kale kuona mabatani amene mukudina m'mawindo ena. Aliyense angayese ndi xinput test n'kudzionera yekha. Pa kompyuta ya munthu mmodzi, amene amalemba mawu achinsinsi a sudo mu terminal ya m'kati mwa X momwemo, gulu la input silikuonjezera choopsa chachikulu. Komanso tisaiwale kuti si makina onse ali ndi systemd. Ine ndimagwiritsa ntchito Devuan, imene ndi Debian yopanda systemd, ndipo kumeneko ntchito imeneyi imagwiridwa ndi elogind, imene ndi logind yomweyo yochotsedwa mu systemd kuti iziyenda payokha. Ena amagwiritsa ntchito seatd, makamaka pa Wayland, njira yatsopano yolowa m'malo mwa X. Amene safuna zonsezi amadalira magulu, monga tinkachitira kale, ndipo makina awo amayenda.

Palinso malo amene needs_root_rights=yes ndi yankho loyenera osati chinyengo. Khadi yakale imene ilibe draiva ya KMS, kapena makina oyatsidwa ndi nomodeset, imene imazimitsa KMS, angathe kutsala ndi draiva ya vesa, imene imafunika kulankhula ndi khadi mwachindunji, ndipo popanda root siingathe. Zikatero logind ngakhale ikhale bwino chotani singathandize. Chimene ndingalangize pamenepo n'kusiya allowed_users pa console.

aNabanda

Pa makhadi opanda KMS ndikuvomereza zonse, bambo Gondwe, ndipo n'chifukwa chake phukusilo lidakalipo. Ndingoonjeza kuti munthu wopeza nomodeset pa mzere woyatsira kernel ayambe wafunsa amene anaiikapo ndi chifukwa chake, popeza nthawi zambiri inaikidwa podutsa vuto la tsiku loika makina n'kuiwalika pomwepo, pamene khadiyo ili ndi draiva yabwinobwino. Lamulo la cat /proc/cmdline limaonetsa zimenezi, ndipo ls /dev/dri imaonetsa ngati khadi yapezeka.

Pa gulu la input tikusiyanabe. N'zoona kuti m'kati mwa seva imodzi ya X mapulogalamu amaonerana mabatani, koma malire ake ndi seva imeneyo. Mukasamukira ku tty2, logind imalanda zipangizo kwa seva ndipo xinput siionanso kanthu. Gulu la input lilibe malire amenewo, ndipo limakhalabe ngakhale tsiku limene munthuyo adzasamukire ku Wayland, kumene mapulogalamu saonerana mabatani, n'kufafaniza phindu lonselo iye osadziwa. Kuonjezera apo, kwa a Tiyamike gululo likanabisa chabe kusowa kwa session. Kiyibodi ikanagwira, koma XDG_RUNTIME_DIR, imene imaloza foda ya /run/user/1000 ija, ikanakhalabe yosakonzedwa, ndipo mawa akanabweranso kudzafunsa chifukwa chimene PipeWire ikukanira kutulutsa mawu, kapena chifukwa chimene polkit, pulogalamu yogamula zilolezo za pa desktop, ikufunsira mawu achinsinsi a root pofuna kungozimitsa kompyuta kapena kutsegula fulashi. Zonsezo zimafunsa funso limodzi kwa logind, lakuti kodi munthuyu ali ndi session imene ili pa sikirini panopa.

a Gondwe

Za polkit ndi XDG_RUNTIME_DIR mwanena zoona, ndipo pa Debian yokhala ndi systemd palibe chifukwa chokanira phukusi limodzi laling'ono. Mfundo yanga inali ya makina amene mwini wake wasankha dala kukhala opanda logind, ndipo akudziwa chimene wataya. A Tiyamike sanasankhe zimenezo, zinangochitika chifukwa cha mmene anaikira mapulogalamu.

Tiyamike

Loginctl inati palibe session, ndipo XDG_SESSION_ID inalibe kanthu. Ndaika libpam-systemd, dbus inalipo kale, ndipo nditayatsanso kompyuta session yaoneka pa seat0, foda ya /run/user/1000 yapangidwa, kiyibodi ndi mausi zikugwira. Mu log tsopano muli mizere yakuti systemd-logind: got fd for, yotsatiridwa ndi chipangizo chilichonse. Poyembekezera yankho ndinali nditadziika kale m'gulu la input, choncho ndadzichotsamo ndi sudo gpasswd -d, ndipo ndazindikira kuti lamulo la id linapitiriza kuonetsa gululo mpaka nditatuluka n'kulowanso. Nditatero ndinayesanso startx ndipo zonse zikugwirabe popanda gululo.

Mphatso

Ndifunse chinthu chimodzi chotsiriza chogwirizana ndi nkhani yomweyi. Ndikufuna kuti ndikangolowa pa tty1 desktop iziyamba yokha, koma pa ma terminal enawo ndizikhala ndi shell wamba. Kodi ndikangolemba startx kumapeto kwa ~/.profile zikhala bwino, kapena ndibwereranso ku mavuto a zilolezo?

aNabanda

Mukailemba popanda chotchinga, idzayesa kuyamba paliponse pamene .profile yawerengedwa, kuphatikizapo pa SSH, ndipo kumeneko mudzalandira uthenga wa console users umene a Kondwani anafotokoza. Ikani chotchinga chotere:

if [ -z "$DISPLAY" ] && [ "$XDG_VTNR" = 1 ]; then exec startx; fi

XDG_VTNR imaikidwa ndi pam_systemd yomweyo, ndipo imakhalapo pokhapokha mwalowa pa terminal yeniyeni, choncho pa SSH mzerewu sudzachita kanthu. Ngati muli ndi ~/.bash_profile, dziwani kuti bash imawerenga imeneyo n'kusiya .profile, ndiye muike mzerewo mmenemo.

Musachotse exec. Popanda iyo, shell imene munalowera imakhala ikudikira pansi pa desktop, ndipo seva ya X ikagwa sikirini ili yokiya, aliyense amene ali pafupi adzapeza shell yanu ili yotsegula pa tty1. Ndi exec, startx imalowa m'malo mwa shell, moti X ikatha session imatsekeka ndipo kompyuta imafunsanso dzina. Kuipa kwake n'kwakuti startx ikadzalephera tsiku lina, mudzangobwezedwa pofunsa dzina uthenga wa vuto usanawerengeke. Zikadzatero lowani pa tty2, pamene chotchingacho sichilola startx kuyamba, ndipo muwerenge ~/.local/share/xorg/Xorg.0.log kuchokera pamenepo.